Msonkho ndi Ndalama Zoyambira Malo Osamalira Ana Pakhomo ku America

Ku America, munthu wotsegula malo osamalira ana m'nyumba mwake amawononga ndalama mwana woyamba asanafike n'komwe: amagula zoseweretsa, timatilesi togonapo masana ndi zotchingira masitepe, amalengeza bizinesiyo ndi kuphunzira chithandizo choyamba. Bungwe lotolera msonkho la IRS limalola kuti ndalama zoterezi zichotsedwe pa phindu lokhomera msonkho.

Malinga ndi gawo 195 la malamulo a msonkho, m'chaka chimene bizinesi yayamba munthu angathe kuchotsa mpaka madola 5,000. Ndalama zoyambira zikapitirira madola 50,000, malirewo amatsika ndi dola iliyonse yopitirirayo. Zotsala zimagawidwa mofanana pa miyezi 180, kuyambira mwezi wotsegulira. Katundu wokhalitsa, monga mpanda kapena firiji, ali ndi malamulo akeake.

Ntchito ikayamba, gawo la lendi, magetsi ndi madzi limachotsedwanso kudzera pa fomu 8829, potengera kukula kwa zipinda zomwe ana amagwiritsa ntchito komanso maola omwe amakhalamo. Mwayi umenewu ndi wa amene ali ndi laisensi, waifunsira kale, kapena amene malamulo a m'dera lake samufunsa laisensi. Malisiti onse ayenera kusungidwa bwino, chifukwa ndiwo umboni IRS ikafunsa.