Liwiro la Skjold si lothawira mzinga

Ife okonza sitima zankhondo timamva kawirikawiri anthu akunena kuti bwato likakhala laliwiro, mzinga sungalipeze. Si zoona. Tengani Skjold, mtundu wa mabwato 6 a asilikali apamadzi a ku Norway, opangidwa ndi kampani ya Umoe Mandal. Amathamanga makilomita pafupifupi 110 pa ola, zodabwitsa ndithu pamadzi, koma mzinga wa mdani umabwera pa liwiro la makilomita pafupifupi 1,000 pa ola. Ungathawire kuti?

Liwirolo ndi loti ufike msanga pamalo abwino, uponye mizinga, kenako uzimiririke. Gombe la Norway ndi lokhotakhota, lodzaza tizilumba ndi timikono ta nyanja tolowa pakati pa mapiri. Bwato lotalika mamita 47 limabisala mmenemo bwinobwino. Mizinga yake 8, yotchedwa NSM, imakhala mkati, osati poyera, ndipo makoma a bwatolo ndi opendekera kuti radar ya mdani isalione msanga.

Chimene chimandisangalatsa ine chili pansi pake. Skjold ili ngati mabwato awiri opyapyala olumikizidwa pamwamba. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa mpata wapakatiwo kuli zotchinga zamphira, ndipo mafani amapopera mpweya mmenemo mpaka bwato kunyamuka. Gawo lotsala m'madzi ndi pafupifupi mita imodzi yokha, choncho madzi salikoka kwenikweni, ndipo limadutsa posaya pomwe sitima yaikulu ingatitimire. Kuti liyende, limayamwa madzi pansi n'kuwalavula kumbuyo mwamphamvu. Mphira ija imadyeka ndi mafunde. Ikang'ambika, mpweya umathawa, liwiro n'kutsika. Amakaniko amaiyang'anitsitsa ngati mmene amachitira ndi injini.

Dziko lapansi linadzidzimuka ndi mabwato a mizinga mu Okutobala 1967, pamene timabwato ta Egypt tinamiza Eilat, sitima yaikulu ya Israel, pafupi ndi Port Said. Ambiri anaganiza kuti sitima zazikulu zatha ntchito. Anafulumira. Mu 1991, ma helikopita a Britain otchedwa Lynx anaphwanya mabwato a Iraq pafupi ndi chilumba cha Bubiyan mosavuta konse, poti bwato laling'ono lilibe malo okwanira zida zodzitetezera ku ndege. Ndiye mkulu wa asilikali akandifunsa ngati agule mabwato otere, ndimayamba ndamupempha mapu a gombe lake, kenako ndimamufunsa kuti kumwamba adzawateteza ndani.