Cimene Makina Osefa Magazi Amataya

Ana inu a ku Shimabala, madzi a mumtsinje wa Kafue amayamba asefedwa pa Iolanda asanapite ku Lusaka. M'thupi mwanu nchito yotere ndi ya impso. Impso zikaleka kugwira nchito, wodwala amapita ku cipatala monga University Teaching Hospital, kumene makina a dialysis amasefa magazi ace, kawirikawiri katatu pa mlungu.

Koma impso ili ndi nzeru imene makina alibe. M'magazi muli cinthu cochedwa carnitine, cimene akatswiri anacipeza m'nyama m'caka ca 1905. Nchito yace ndiyo kunyamula mafuta ndi kuwalowetsa m'timagawo ta minofu momwe amasanduka mphamvu. Cina timacipeza m'nyama ndi mkaka, cina cimapangidwa m'ciwindi ndi m'impso momwemo. Impso yabwino ikacisefa imacibweza pafupifupi conse m'magazi. Makina satero: amacitaya pamodzi ndi zoipa.

Motero pakapita miyezi ndi zaka, carnitine imacepa m'thupi. Wodwala angathe kufooka, minofu nikokana, magazi nacepa. Komabe zizindikiro zimenezi zili ndi magwero enanso, ndiye cifukwa cace dokotala amayamba wapima magazi asanapereke jekeseni ya levocarnitine, imene sithandiza onse mofanana.

Aphunzitsi, ana adzafunsa ngati kudya nyama yambiri kungathandize. Muwauze kuti cakudya ca wodwala impso amaciika ndi a cipatala, pakuti m'nyama mulinso phosphorus imene makina amavutika kuicotsa.