Hedi ya injini ina pa pikapu yakale: kulowa kwa mabawuti si umboni

Mwezi wa Okutobala ukafika, kutentha kwa ku Monkey Bay kumaulula galimoto yofooka. Mapikapu akale a Toyota Hilux amene amanyamula usipa ndi utaka kuchokera ku Msaka, Chembe ndi Malembo kupita ku Mangochi, Limbe kapena Lilongwe amayamba kuwira, makamaka pa zitunda za msewu wa ku Cape Maclear ndi pokwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti. Injini ikawira kawiri katatu, chimene chimapweteka ndi silinda hedi, chitsulo cholemera chimene chimavundikira pamwamba pa injini, momwe muli mavalavu. Imapindika kapena kung'aluka. Madzi amayamba kutha mu rediyeta, thovu limatuluka pa chitsekero, ku ekizosi kumatuluka utsi woyera, ndipo nthawi zina oyilo amaoneka ngati tiyi wamkaka.

Apa mwini galimoto amamva mawu okoma kwa makaniko: kwapezeka hedi yotsika mtengo, yachotsedwa pa minibasi ya Hiace imene inachita ngozi, ndipo mabowo a mabawuti akufanana. Mawuwa akhoza kukhala oona, komabe hediyo ikhoza kudya mpamba wonse wa nsomba.

Injini zadizilo za ma Hilux ndi ma Hiace akale ndi za banja limodzi. Pali 2L ya malita 2.4, 3L ya malita 2.8, ndi 5L ya malita 3.0. Munthu akaziyang'ana kunja sangazisiyanitse msanga. Kusiyana kuli m'mimba: bowo la pisitoni pa 2L ndi mamilimita 92, pa 3L ndi 96, pa 5L ndi 99.5. Dzina la injini linadindidwa pa buloko, kumayambiriro kwa nambala ya injini, ndipo ndi pamenepo pofunika kupukuta ndi kuwerenga. Za mu blue book sizothandiza kwenikweni, chifukwa pikapu ya zaka makumi atatu mwina inasinthidwapo kale injini ndi eni ake akale.

Msampha woyamba uli pa 2L yomweyo, poti ilipo mitundu iwiri. Yakale, yopangidwa chaka cha 1988 chisanafike, imatsegula mavalavu kudzera pa timikono tachitsulo totchedwa ma rocker. Yatsopano, pamodzi ndi 3L ndi 5L, ilibe timikonoti: kamushafiti imakankha mavalavu mwachindunji, ndipo mpata wake amaukonza ndi tizitsulo tozungulira ngati makobidi, totchedwa mashimu. Kuzindikira kwake n'kosavuta, munthu amangomasula chivundikiro chapamwamba n'kuyang'ana. Hedi ya ma rocker si yongoika pa injini yatsopano, ngakhale zonse zilembedwe 2L, chifukwa pamene Toyota inkasintha hedi inasinthanso mapisitoni ndi zina za kutsogolo kwa injini. Wogulitsa masipeya akangoti "ndi ya 2L" wanena theka la nkhani.

Pakati pa 2L yatsopano, 3L ndi 5L ndi pamene amakaniko amasinthanitsa kawirikawiri, ndipo galimoto zambiri zikuyenda motero. Koma mu hedi ya injini zimenezi, pa silinda iliyonse, muli kachipinda kakang'ono momwe dizilo amayamba kuyakira asanafike pa pisitoni, ndipo kanayezedwa molingana ndi injini imene hediyo inapangidwira. Hedi ya injini yaikulu pa buloko yaing'ono ikhoza kutsitsa kompuresheni, galimoto n'kumavuta kulira m'mawa mpaka anyamata a padoko aikankhe. Hedi ya injini yaing'ono pa buloko yaikulu ikhoza kuchititsa injini kugogoda ndi kutentha. Choncho ngati hedi ya mtundu womwewo ikupezeka, ngakhale pa mtengo wokwererapo, ndiyo yoyenera kuyamba kuiganizira. Ya mtundu wina ndi ya pamene palibe pothawira.

Zikafika poti isinthidwe, gasiketi imatsatira buloko, osati hedi. Hedi ya 3L ikamaikidwa pa buloko ya 5L, gasiketi ikhale ya 5L. Ya 3L ili ndi mabowo a mamilimita 96, ndiye mkombero wake umalendewera m'kati mwa silinda, moto n'kuudya m'masiku ochepa. Makaniko wosamala amayamba wayala gasiketiyo pa hedi ndi pa buloko kuona ngati timabowo ta madzi ndi ta oyilo tikukumana. Magasiketi a injinizi amabweranso okhuthala mosiyana, ndipo woyenera amasankhidwa poyeza mmene pisitoni imatumphukira pamwamba pa buloko. Ambiri amangogula yokhuthala kwambiri kuti asavutike kuyeza. Galimoto imayenda ndithu, koma mphamvu ina imatayikira pomwepo.

Ndalama zambiri zimatayika pa hedi ya kaunjika imene sinayesedwe. Hedi za banja limeneli zimadziwika ndi kung'aluka pakati pa mavalavu, makamaka za 2L ya tebo, ndipo mng'alu wina umabisala pansi pa mwaye. Hedi yoti yachoka pa galimoto ya ngozi ndi ina, yoti yachoka pa injini imene inawira ndi inanso, koma pa shelefu ya ku Ndirande kapena ku Biwi zimaoneka chimodzimodzi. Malo amene ali ndi makina opalira mahedi amathanso kuiyesa: amatseka timabowo ta madzi, n'kupopera mpweya, n'kuona ngati ikutuluka thovu. Amayalanso chitsulo chowongoka pansi pake kuyeza kupindika, ndipo malire amene Toyota inaika ndi mamilimita 0.20. Kuyesa kumeneku kumafuna ulendo wa ku tauni ndi ndalama pang'ono, koma n'kochepa poyerekeza ndi kumasula injini kawiri. Mgwirizano ndi wogulitsa ukhale wolembedwa pa lisiti: hedi ikalephera poyesa, ibwezedwe ndipo ndalama zibwerere. Wokana kulemba zimenezi akudziwa kanthu.

Kupala hedi, kumene amakaniko amati kusikima, nakonso kuli ndi malire. Pa injini yadizilo pisitoni imafika pafupi kwambiri ndi mavalavu. Hedi ikapalidwa kambirimbiri mavalavu amayandikira pisitoni, ndipo tizipinda toyakira dizilo tija tikakhala togwedera, kamodzi kakhoza kusweka n'kugwera mu silinda. Pamenepo nkhani siikhalanso ya hedi, ndi ya injini yonse.

Poyerekeza mitengo, wogula afunse ngati hedi ndi yopanda kanthu kapena yathunthu. Zatsopano zambiri zimene zili m'mashopu zimachokera ku China, ndipo zina zimabwera zilibe mavalavu, masipuling'i ndi kamushafiti. Mtengo wake umaoneka wotsika, koma pamwamba pake pamabwera kusamutsa mavalavu, kuwapera kuti akhale bwino, ndi kusaka mashimu oyenera. Pa 3L mpata wa mavalavu injini ili yozizira ndi mamilimita 0.20 mpaka 0.30 kolowera mpweya, ndi 0.40 mpaka 0.50 kotulukira utsi. Awerengerenso gasiketi, oyilo, fyuluta ndi taimingi belt, chifukwa lamba ameneyu akaduka mapisitoni amamenya mavalavu a hedi yatsopanoyo. Mabawuti a hedi alipo 18, ndipo pa injini zatsopano amamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, kenako n'kupotoledwanso kawiri motsatira ndondomeko. Akatambasuka mopitirira sagwiranso ntchito. Makaniko womanga ndi paipi yaitali ndi mphamvu za m'manja akubweretsa ulendo wina wa ku garaja.

Manozo ndi mahita pulagi ndi bwino akhale a galimoto yomweyo, osati obwera ndi hedi. Mahita pulagi amasiyana mphamvu ya magetsi malingana ndi mtundu wa galimoto, ndipo olakwika amapsa msanga. Eni ma Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Mazda B2500 nawonso mafunso awo ndi omwewa, kungoti hedi ya Mazda ya injini ya WL ndi ya aluminiyamu ndipo siichedwa kupindika ikatentha.

Chotsala ndi chimene chinapha hedi yoyambayo. Rediyeta yodzaza dzimbiri chifukwa chothiridwa madzi a m'nyanja kapena a pa mjigo zaka zonsezi, chitsekero chosagwira, fani yofooka, pampu ya madzi yodontha, kapena matumba a usipa osanjikizidwa mpaka kupitirira denga pamodzi ndi eni ake pamwamba. Zimenezi zikasiyidwa, hedi yatsopano imawira pa chitunda chomwe chija. Miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene usodzi wa makoka ena umatsekedwa kuti chambo chiswane, eni galimoto amene katundu wawo wachepa amapeza mpata woimika pikapu masiku angapo, kutumiza hedi kokayesa ndi kutsukitsa rediyeta. Galimoto ikatuluka ku garaja, ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopepuka, wa ku Mangochi n'kubwerera, dalaivala akuyang'ana muvi wa kutentha, ndipo m'mawa mwake aone madzi ndi oyilo asanavomere katundu wa ku Limbe.