Kumanga khonde pa nyumba ya lendi

Lole ikafika pa chipata cha m'malire cha Zóbuè, injini imazima ndipo mapepala amayamba ulendo wawo. Mbali ya Mozambique katundu amalembetsedwa mu pulogalamu ya Janela Única Electrónica, imene kampani ya MCNet inayambitsa mu 2011. Akawolokera ku Mwanza, a MRA amamulandira mu pulogalamu ya ASYCUDA. Kuno Chipwitikizi, uko Chingerezi, pakati pali dalaivala akujambula mapepala pa foni kuti atumizire despachante, wolembetsa katundu pachipata, pa WhatsApp. Chithunzi chikasowa, lole imagona pachipata.

Ku Moatize, komwe kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011 isanagulitse mgodi kwa Vulcan mu 2022, kampani yonyamula katundu imatha kukhala ndi galaja kumeneko, ofesi ku Tete, bwana ku Maputo. Kuti onsewa azionera fayilo imodzi, ambiri padziko amadalira SharePoint ndi Teams za Microsoft. Koma anazipanga osadziwa kuti kunja kuno kuli Zóbuè. Polemba nambala ya lole mulibe, chokumbutsa kuti inshuwalansi yatha mulibenso. Wina ayenera kuwonjezera.

Kale wolemba mapulogalamu ankalowetsa zimene walemba m'kati mwa seva ya kampani; zikalakwika, ofesi yonse inkakhala manja lende. Mu 2013 kunabwera ma add-in, okhala kunja kwa sevayo. Mu 2017 kunabwera SharePoint Framework, imene imagwira ntchito mu browser koma imafuna munthu wodziwa chinenero cha mapulogalamu cha TypeScript, ndipo wotereyu sakhalitsa pamalo amodzi.

Njira imene ikukoma masiku ano ndi Power Apps. Kalaliki wochangamuka amatha kupanga fomu masana amodzi, dalaivala n'kumadzaza pa foni. Ine ndimayikonda, koma ndi maso awiri. Laisensi yake ndi ya mwezi ndi mwezi, mtengo wake amawerengera pa dola, pomwe kampani imalandira metical. Ndipo fomu yosasunga zolembedwa netiweki ikadula pa mapiri a msewu wa N7 wopita ku Zóbuè ndi yongokongoletsa ofesi.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti SharePoint ndi nyumba ya lendi. Mu 2023 Microsoft inalengeza kuti 2 April 2026 ndi tsiku lomaliza la ma add-in mu SharePoint ya pa intaneti. Amene anamangapo khonde lawo ayenera kuligumula n'kumanganso, ndipo nthawi zambiri mmisiri wake anapita kalekale kontrakiti itatha, osasiya ndi pepala lomwe.