Gawo 4: Maganizo a mlangizi pa nkhani yoyamwitsa

M'gawo lino tiona momwe maganizo a alangizi a za kadyedwe amakhudzira amayi ochokera m'mabanja osauka. Inu aphunzitsi mumagwira ntchito limodzi ndi alangiziwa, ndipo nthawi zina amayi amadzafunsa inuyo.

Kuyambira mu 2001, bungwe la WHO limalangiza kuti mwana aziyamwa mwakathithi kwa miyezi 6, osapatsidwa madzi kapena phala, kenaka apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Alangizi ambiri uthengawu anauloweza. Koma kodi mumtima amaukhulupirira? Mayi kusikelo samva mawu okha, amayang'ananso nkhope. Akaona kuti mlangizi akukayika, nayenso amakayika.

Maganizo oyamba: "Mayi wanjala alibe mkaka wokwanira"

Awa ndi maganizo achifundo, koma amasocheretsa. Pokhapokha mayi atanyentchera kwambiri, thupi lake limapangabe mkaka wokwanira. Mkaka umachuluka mwana akamayamwa pafupipafupi. Mlangizi akati "mwayondatu mayi, muzimuwonjezera kaphala," mwana amayamwa pang'ono, mkaka n'kuyambadi kuchepa. Chofunika ndi kudyetsa mayiyo, iye aziyamwitsa mwana.

Maganizo achiwiri: "Mayi amene ali ndi HIV asayamwitse"

Alangizi ena anaphunzitsidwa kale, pamene mayiko ena ankagawa mkaka wam'chitini kwa amayi oterewa. Zinthu zinasintha. Mu 2006, kutagwa mvula yambiri ku Botswana, kunabuka matenda otsegula m'mimba, ndipo ambiri mwa ana amene anamwalira anali osayamwa. Mkaka wam'chitini umafuna madzi aukhondo, nkhuni zowiritsira ndi ndalama, zinthu zimene banja losauka limasowa. Mu 2011, dziko la South Africa linalengeza kuti lileka kugawa mkakawu mwaulere, ndipo chaka chomwecho Malawi anayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi onse apakati ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV. Malangizo a WHO a 2016 amati mayi amene akumwa ma ARV mwandondomeko ayamwitse kwa miyezi yosachepera 12. Mlangizi amene akadali ndi mantha akale angachititse mayi kusakaniza bere ndi zakudya zina mwana asanakwane miyezi 6, pamene kusakanizako kumaika mwana pangozi.

Maganizo achitatu: "Amayi osaphunzira samva"

Musanaweruze, funsani. Mwina mayiyo amalawirira kuganyu n'kusiya mwana ndi apongozi. Mwina ndi agogo amene anati ataye mkaka woyamba wachikasu uja, womwe umateteza mwana ku matenda. Kumukalipira sikuthandiza. Itanani agogo ndi abambo kuti nawonso amve.

Ntchito 4.1

1. Lembani zinthu zitatu zimene munamva kwanu zokhudza kuyamwitsa. Ndi ziti zimene mukuzikhulupirirabe?
2. Mayi wina akukuuzani kuti, "Aphunzitsi, mkaka wanga sukukwana." Lembani mafunso awiri amene mungamufunse musanamulangize.
3. Chezani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Kodi maphunziro a kuyamwitsa anawachita liti komaliza?

Sungani mayankho anu kuti mukakambirane ndi anzanu pa tsiku lokumana.