Nkhodolero Yopindika ndi Nkhodolero Yoongoka

Pa Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umathira m'Shire, pali mau ambiri amene munthu sangawalembe popanda kachizindikiro kamene aphunzitsi a Chicheŵa amakatcha nkhodolero. Eni dera ndi Amang'anja pamodzi ndi Asena. M'madzi muli ng'ona, kudambo kuli ng'ombe. Kachizindikiroka n'kochepa ngati njere ya mapira, komabe ndiko kamasiyanitsa m'bale wobadwa naye ndi mbale yodyeramo nsima, ng'oma yovinira ndi ngoma, nyama ya m'tchire. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidakapatsa malo ake m'malamulo a kalembedwe amene lidatulutsa mu 1973.

Masiku a makina otayipira, mlembi wa ku ofesi sankavutika nako. Makinawo adali ndi batani limodzi la nkhodolero ndi limodzi la mitengero, ndipo zonse zinkatuluka zoongoka ngati timitengo. Zopindika zinkapezeka m'mabuku osindikizidwa mokha: mtengero wotsegulira mau ofanana ndi 66 wamng'ono, wotsekera wofanana ndi 99, ndi nkhodolero yofanana ndi 9. Tsono pulogalamu yolembera ya pa kompyuta, monga Microsoft Word, imayesa kutsanzira wosindikiza mabuku. Mlembi akadinda batani loongoka lija, iyo imasankha yokha mbali yopindira.

Lamulo limene imatsata ndi lalifupi. Imayang'ana chimene chili m'mbuyo mwa chizindikirocho. Ikapeza mpata, kapena chiyambi cha mzere, imati apa mau akutsegulidwa, ndipo imaika 6. Ikapeza lemba, imaika 9. Tanthauzo la mau siliidziŵa konse, ndipo pagona vuto ndi pamenepo. Mau akuti m'mudzi ndi n'chiyani amatuluka bwino chifukwa nkhodolero yatsagana ndi lemba. Koma alipo alembi, ambiri ndithu, amene chala chao chidazoloŵera kusiya mpata pambuyo pa m. Kwa iwo nkhodolero imatuluka chadodolido. Chimodzimodzinso munthu akafupikitsa chaka. Wolemba za madzi osefukira a 1997, amene adadula njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, akalemba '97, makina amaganiza kuti wina wayamba kulankhula, ndipo amapinda chizindikirocho molakwika.

Zimenezi n'zongonyansa m'maso. Choopsa chenicheni chili pena. Kompyuta imasunga chizindikiro chilichonse ngati nambala, ndipo kwa iyo nkhodolero yoongoka ndi nambala 39, pamene yopindika ndi 8217. Ziŵirizi sizifanana, monga mmene A safanirana ndi B.

Mwachitsanzo, madzi akasefukira m'Chigwa cha Shire, monga zidachitikira mu 2015, mu 2019 ndiponso pa namondwe Freddy mu 2023, maina a mabanja oyenera kulandira thandizo amalembedwa m'mindandanda. Mlembi wina angatayipe dzina lakuti Ng'ombe mu Word, nkhodolero n'kupindika. Mnzake angatayipe dzina lomwelo mu Excel, pulogalamu imene siipinda nkhodolero. Mindandanda iŵiriyo ikaphatikizidwa, makina oyerekeza lemba ndi lemba amaona anthu aŵiri, kapena amanena kuti dzinalo palibe. Maso a munthu saona chilema chilichonse, poti pa pepala zonse zikuŵerengeka Ng'ombe. Koma mwini dzina angathe kubwerera pa mzere chimanjamanja pa chifukwa chimene palibe amene angamufotokozere.

Nthaŵi zina nkhodolero yopindika imasanduka zilembo zitatu zachilendo, â€™, pakati pa mau. Apa ena amathamangira kunena kuti kompyuta yagwidwa ndi vairasi. Iyayi. Kalatayo idasungidwa m'ndondomeko ya UTF-8, ndipo pulogalamu yoitsegula yaŵerenga ndi ndondomeko ina yakale. Ngakhale uthenga wa pa foni umakhudzidwa. SMS imodzi imanyamula malemba 160, koma mukaloŵa nkhodolero yopindika imodzi yokha, malire amatsika kufika pa 70, ndipo chenjezo lalifupi la madzi limene likadapita kamodzi limalipiridwa kaŵiri kapena katatu.

Mankhwala ake ngosavuta. Pamene makina apinda chizindikiro chimodzi mosayenera, mlembi adinde Ctrl pamodzi ndi Z nthaŵi yomweyo, asadalembe lemba lina. Chizindikirocho chidzaongoka, mau ake osafufutika. Akafuna 9 patsogolo pa chaka, agwire Alt n'kudinda 0146 pa mabatani a nambala a kudzanja lamanja. Wofuna kuletseratu khalidweli mu Word aloŵe pa File, kenaka Options, Proofing, AutoCorrect Options, ndipo pa tsamba la AutoFormat As You Type achotse chongi pa mzere wonena za smart quotes. Tsamba loyandikana nalo, lotchedwa AutoFormat, lili ndi mzere wofanana, ndipo ambiri amaliiŵala.

Kuletsako sikukonza zimene zidalembedwa kale. Pa zimenezo mlembi adinde Ctrl ndi H, aike nkhodolero ya pa batani m'bokosi lapamwamba ndi lapansi lomwe, n'kusankha Replace All. Ngati chongi chija chachotsedwa, nkhodolero zonse za m'kalatamo zidzaongoka; ngati chilipo, zonse zidzapindika. Ndi nzeru kusunga kope lina la kalatayo ntchitoyi isadayambe.

Nanga chabwino n'chiti? Pa kalata ya kwa mfumu, pa ndakatulo ndi pa buku la ana a sukulu, zopindika n'zokongola ndipo zimaonetsa pamene wolankhula wayambira ndi pamene walekera. Pa mndandanda wa maina, pa uthenga wa pa foni, ndi pa chilichonse chimene chidzasamutsidwa kupita ku pulogalamu ina, yoongoka ndiyo yodalirika, ndipo alembi onse a ntchito imodzi agwirizane zimenezi asadayambe kutayipa dzina loyamba.

Katsala kanthu kamodzi kamene kamazunguza ogula makompyuta a kaunjika. Word imasankha maonekedwe a mitengero potsata chiyankhulo chimene kalata yaikidwamo. Ngati chili Chifalansa, mitengero imatuluka ngati mivi iŵiri yogona, « ndi ». Mlembi asankhe mau onse, adinde dzina la chiyankhulo pa mzere wa m'munsi mwa sikirini, aike Chingerezi, kenaka alembenso mitengero imene idalakwika.