Amayi adakana kuvulidwa m'tauni

Inu a m'misika, mukukumbuka Januwale 2012? Mavenda ena ku Lilongwe ndi Blantyre adayamba kuvula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, ati kusunga chikhalidwe. Chonsecho lamulo la 1973 loletsa zovalazi lidatha kalekale pobwera matipate.

Amayi omenyera ufulu, monga Seodi White, sadakhale chete. Adamema anzawo nkusonkhana mu Blantyre, ambiri atavalira dala mathalauza. Joyce Banda, wachiwiri kwa pulezidenti nthawiyo, adali pomwepo. Funso lawo kwa venda lidali limodzi: lero ndikugule, mawa undivule?

Ine ndimati amayiwa adapulumutsanso geni yanu. Kodi tomato ndi kaunjika amagula ndani? Mayi akaopa kulowa mumsika, wogona ndi njala ndinu.